Mawanga pa Mfuti ya Si Monji

Lachisanu lija titangotuluka mu mzikiti, Si Monji, mlenje wa nguluwe amene kuno kumapiri a Ain Draham timamudziwa ndi pakamwa osati ndi nyama, anayala nyuzipepala pabwalo la nyumba yake n'kugonekapo mfuti yake ya mipope iwiri. Kuno kwathu "Si" ndi mawu aulemu, ngati kunena kuti Bambo. Anali ataitanitsa mlamu wake Shedli, mmisiri wopaka nyumba penti, munthu woti ukamuuza kuti "dikira pano" umadzamupeza pomwepo mawa lake.

"Ili kuti nyumbayo?" anafunsa Shedli akutula zitini ndi mabulashi.

"Si nyumba. Ndi iyi."

Shedli anayang'ana pansi. "Iyitu ndi mfuti, alamu."

"Mwazindikira nokha popanda wokunong'onezani. Mulungu akuwonjezereni nzeru. Ndikufuna muipake."

"Yachita dzimbiri?"

"Ikuthwanima."

"Ndiye kuti ili bwino."

"Ndiye kuti ikundichititsa manyazi," anatero Si Monji, n'kuloza mfutiyo ndi chala ngati mwana wakuba shuga.

Manyazi ake tinkawadziwa tonse. Si Belkasem, mkulu wa uzimba wathu, anali atalankhula poyera ku nyumba ya khofi kuti Lamulungu likudzali Si Monji akaphonyanso nguluwe, achoke pa mzere wa alenje, akalowe m'gulu la oimba zitini, aja amayenda m'zitsamba ndi agalu kupirikitsira nyama kwa owomba. Kwa munthu wa imvi m'ndevu, amene wakhala akunyamula mfuti chiyambire unyamata wake, kunali bwino kumuuza kuti akafe. Ndipo chowawa kwambiri chinali chakuti mkulu wa oimba zitiniwo anali Shedli yemweyu.

"Tamverani," anatero Si Monji. "Nguluwe ikamatuluka m'thengo, dzuwa limamenya pa mpope apa, kuti ng'ani. Nyama imaona, imakhota. Ine ndikamawomba, ndimawomba pamene inali."

"Ulendo wathawu kunali mvula."

"Kunali mvula, eya."

"Dzuwa kunalibe."

"Nanga madzi sathwanima? Kapena kwanu mumamwa ofiira?"

Shedli anaganiza kaye za madzi a kwawo. Kenako anati, "Ku khofi amati mumatsinzina."

"Akutero ndani?"

"Onse. Amati mukamakoka chowombera, mumatsinzina maso onse awiri n'kutembenuzira nkhope kumbali ngati mwana pa jakisoni."

"Asa. Oimba zitini akudziwapo chiyani za mfuti? Mlenje amatsinzina diso limodzi. Linalo likamatsatira mnzake, ndi chifukwa cha kuthwanima komweko."

Bodza la masanasana. Tonse tinamuonapo, ndipo agalu omwe amadziwa kuti malo abwino obisalako ndi kutsogolo kwa mfuti ya Si Monji. Koma munthuyu akagwira mfundo, ngakhale imamu atabwera ndi buku m'manja sangamulande.

Shedli anatsegula chitini chimodzi. "Wa buluu ndili naye wokwanira. Anatsala pa zitseko za Haji Amor."

"Munaonapo thengo la buluu inu?"

"Ayi. Koma ndi amene anthu amakonda."

"Sindikufuna chokondedwa ndi anthu, ndikufuna chosaoneka ndi nguluwe. Wobiriwira, wofiirira ngati dothi, ndi wakuda pang'ono. Mawangamawanga, ngati malaya a asilikali."

Shedli anabwezera chivundikiro pa chitini mwakachetechete. "Mawanga?"

"Mawanga."

"Dala?"

"Dala, eya. Kodi ndikuyankhula Chifalansa?"

"Alamu, moyo wanga wonse ndakhala ndikulimbana ndi mawanga. Khoma likatuluka mawanga, mwini nyumba amandidutsa pa msika osandipatsa moni. Ndiye lero ndipake mawanga ndi dzanja langali? Anthu akadzafunsa kuti anapaka ndani, mudzati chiyani?"

"Palibe adzafunse, chifukwa palibe adzaione."

"Ndiye ndivutikirenji ndi ntchito yoti palibe adzaione?"

Si Monji anakweza maso kumwamba. Anadzifunsa chimene analakwira Mulungu kuti pa mabanja onse a m'mapiri muno akakwatire Najet, mlongo wa chitsa ichi.

"Iyenera kukongola," anatero pang'onopang'ono, "koma isaoneke."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

"Nanga inuyo ndikupakeninso?"

"Ine chifukwa chiyani?"

Shedli analoza pa chingwe choyanikira zovala, pamene panali kajekete ka olenji kaja mlenje aliyense amavala pa mzere. Kankawala ngati moto wa pa phiri. "Mudzavala ako?"

"Ndi lamulo. Kuti anzanga andione, asandiwombe."

"Ndiye nguluwe idzakuonani."

"Idzaona munthu."

"Koma mfuti ayi."

"Mfuti ayi. Mwayamba kumva tsopano."

"Ndiye idzaona munthu wa olenji ataima m'thengo, manja atatambasula chonchi, osagwira kanthu."

"Eetu. Idzati, uyu ndi wamisala chabe, ndidutse."

"Imadutsa kale," anatero Shedli. Sanali kunyoza. Munthuyu sadziwa n'komwe kunyoza, ndipo n'chifukwa chake mawu ake amaluma kuposa a onyoza enieni.

Si Monji anatulutsa foni. Anamuonetsa kanema wa mzungu wina wa ndevu zofiira akuyala masamba pa mfuti, n'kupoperapo penti, ndipo atachotsa masambawo zithunzi zake zinatsalira pa chitsulo.

"Mwaona? N'zosavuta. Ngakhale inu mungathe."

"Penti wopopera ndi wa anyamata olemba mayina a matimu a mpira pa makoma. Ine ndimagwira bulashi."

"Gwirani chimene mukufuna, bola masamba atuluke."

"Masamba a mtengo wanji?"

"A mtengo. Mtengo uliwonse."

Shedli anadzuka, napita pa mpesa wa Najet umene umayanga pa khomo, n'kuyamba kuthyola.

"Ee, inu, kuthengo kuja kuli mphesa?"

"Mwati uliwonse." Anayamba kubwezera masambawo pa mpesa, limodzilimodzi, ngati angamerenso.

"Asiyeni, asiyeni. Ndipo ndaganiza bwino. Nguluwe imakonda mphesa. Ikaona masamba amenewa, idzabwera pafupi."

"Ndiye mukufuna iione."

"Iione ngati mphesa. Isaione ngati mfuti."

"Ikabwera kudzadya?"

"Ndidzawomba."

"Ikayamba kudya thabwa la mfutiyi inu musanawombe, ntchito yanga yawonongeka."

"Nguluwe sidya mfuti, alamu."

"Inadya payipi ya madzi kwa Haji Amor."

Apa Si Monji anaona kuti akakhalitsa aphulika mtsempha. Komanso kumtima kunkamuyabwa kuti akafike ku khofi, akawauze aja amaseka kuti Lamulungu adzaona zimene sanaonepo. Anavala chipewa chake chofiira.

Shedli anali atanyamula mfuti ija, akuisisita ndi chala chachikulu monga amachitira ndi chitseko chakale, nkhope itakwinyika. "Ndiipange mmene ndimapangira zitseko ndi mawindo?"

"Ndakuitanirani nkhope yanuyo kapena ntchito?"

"Ine pa chitseko ndimakwecha, ndimamata, ndimapaka kawiri."

"Kwechani, matani, pakani kakhumi."

"Paliponse?"

"Paliponse. Ndikadzaona kachitsulo katatsala, ngakhale kochepa ngati diso la nsabwe, mudzabwereza."

"Muli mipata ina bulashi safika."

"Zimenezo ndi zanu. Ine sindikufuna kuona pakuda kapena powala. Mmisiri ndinu kapena ndine?"

"Ndine."

"Basi, chitani za umisiri."

Potuluka, Si Monji anadutsa pansi pa windo la chipinda chake chogona, limene Shedli anapaka chaka chimene Si Monjiyo anakwatitsa mwana wake wamkazi. Ndi windo lokongola, losalala ngati mbale, ndipo chipakire silinatsegukepo. Nyengo yotentha Najet amagona akudzipepesa ndi chivundikiro cha poto. Mudzi wonse uli ndi mawindo otero. Si Monji sanaliyang'ane n'komwe.

Loweruka masana anapeza mfuti itapachikidwa ndi waya mu mkuyu wa pabwalo, mipope italoza kumwamba pakati pa nthambi. Tinene zoona, inali yokongola. Masamba a mphesa anali ndi mitsempha yake yonse, ndipo pa thabwa panali kaphava ka mphesa kamene palibe anapempha. Chisoni cha mawanga chinali chitamukulira Shedli, ndiye wanga lililonse analizungulira ndi kamzere koongoka bwino.

"Musakhudze," anatero Shedli. "Ndi penti wa mafuta. Mukaika chala, chidzakhala pomwepo mpaka tsiku la chiweruzo. Mawa m'mawa."

Si Monji anabwerera m'mbuyo mpaka pa chitsime, nafinya maso. Mtima wake unasungunuka ngati batala. "Ili kuti?"

"Chiyani?"

"Mfuti. Mwaiika kuti? Sindikuiona."

"Iyo apo."

"Pati? Ine ndikungoona mkuyu."

Shedli anayenda mpaka pa mtengo n'kuloza ndi bulashi. "Apa, alamu. Pamene mumayang'ana pomwe paja."

"Ndikudziwa pamene ili. Ndikunena kuti sikuoneka."

"Ine ndikuiona."

"Inu mukuiona chifukwa mwaipachika ndinu."

"Najet anaionanso. Anafunsa kuti wathyola mpesa wake ndani."

"Najet si nguluwe. Inunso si nguluwe, ngakhale pena ndimakayika. Muziyang'ana ngati nguluwe."

"Imayang'ana bwanji?"

"Kuchokera pansi. Ndi timaso tating'ono."

Shedli anapinda buluku m'mawondo kuti lisade, nagwada, n'kuika manja pansi. Bambo wa ana asanu, atakwawa pabwalo la mlamu wake dzuwa likuswa mtengo, akusuzumira mkuyu ndi maso ofinya. Nkhuku zinaima n'kumamuonerera.

"Nanga tsopano?"

"Ndikuiona."

"Fupikani."

Shedli anagunditsa chibwano pansi. "Ndikuionabe. Ndikuonanso waya."

"Mukuyang'ana ndi nzeru za munthu. Chotsani nzeru."

"Ndachotsa."

"Sizinatenge nthawi," anatero Si Monji. "Ndiye mukuona chiyani?"

Shedli anafinyanso maso, akuchita khama ndithu. "Ndikuona mphesa zitamera pa mkuyu. Ndikanakhala nguluwe ndikanadabwa."

"Basi. Ikamadabwa, ine ndawomba kale. Dzukani, mukuopseza nkhuku."

Madzulo amenewo ku khofi Si Monji analankhula mpaka makapu anazizira. Analonjeza Si Belkasem mano a nguluwe oti apachike pa galasi la galimoto. Anauza oimba zitini kuti asavutike n'kuimba kwambiri, nyama idzabwera yokha. Wina aliyense anangoyang'ana mu kapu yake, chifukwa wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo ife tinkafuna kuonerera nkhwangwayo.

Lamulungu kutacha, nkhungu ikadali m'zigwa, Shedli anafika atavala mabuti ake a uzimba, n'kutsitsa mfuti mu mkuyu ndi manja awiri ngati khanda. Si Monji anali atavala kale kajekete ka olenji, lamba wa zipolopolo ali m'chiuno. Kumunsi kwa msewu kunamveka galimoto ya Si Belkasem ikukwera phiri, agalu akuuwa kumbuyo.

Si Monji analandira mfuti, naipsompsona pa thabwa, n'kukankha kachitsulo kotsegulira kuti aithyole pakati, polowetsera zipolopolo. Kachitsulo sikanasunthe. Anakankhanso ndi zala ziwiri. Anaipanira m'khwapa n'kukankha ndi chikhatho chonse mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Alamu."

"Ee."

"Sikutseguka."

"Eya. Yagwira bwino."

"Chagwira n'chiyani?"

"Phala lomatira ming'alu. Panali mpata waukulu apa pamene imathyokera, mpaka kuwala kumadutsa. Wina unali kuseri kwa kachitsulo aka, wina pa chowombera. Amene anapanga mfutiyi sanali mmisiri, alamu. Anasiya mipata paliponse."

Si Monji anasiya kukankha. Pang'onopang'ono anatembenuza mfuti kuti aone kukamwa kwa mipope. Kunalibe kukamwa. Kunali kosalala ngati chipumi cha khanda, ndipo pamene panali mabowo awiri panali timasamba tiwiri tokongola, kalikonse ndi kamtsempha kake.

"Mabowo ali kuti?"

"Aja akuda aja? Munati simukufuna kuona pakuda. Anadya phala lambiri amenewo, ndi akuya. Ndinachita kukankhira ndi ndodo."

"Iwe," anatero Si Monji, ulemu wonse utathawa, "chipolopolo chidzatulukira pati?"

"Sichingalowe n'komwe, ndiye za kutuluka musadandaule."

"Unaonapo mfuti yopanda mabowo?"

"Munaonapo khoma langa lili ndi bowo?"

Hutala inalira pa geti. Agalu anawonjezera phokoso.

"Pala. Tenga mpeni upale msanga."

"Lauma ngati mwala, ndinasakaniza bwino. Pafunika kuiviika mu thina, mankhwala aja osungunula penti, mwina pofika Lachisanu idzafewa. Koma masamba onse adzachoka." Shedli anaoneka wachisoni kwenikweni. "Ndi kaphava komwe."

Si Monji anazungulira pabwalo ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anaona m'maganizo mwake nkhope za ku khofi, mano a nguluwe amene analonjeza, ndi iye mwini akukwawa m'minga pakati pa agalu. Anachita mantha enieni, kuposa amene amachita akamakoka chowombera. Kenako anaima, maso akuwala.

"Ndipita nayo chomwechi. Palibe adziwe. Ndikaima pa malo anga, ndikaloza, nguluwe ikapanda kudutsira kwanga ndapulumuka."

"Imadutsira kwanu nthawi zonse. Ife timangoiyambitsa, njira imaidziwa yokha."

"Lero ikhoza kusintha maganizo."

"Komanso Si Belkasem salola munthu kukwera galimoto mfuti ili yotseka. Amayang'ana m'mipope yekha asanalize injini."

"Ndimuuza kuti ndi ya mtundu watsopano."

"Akandifunsa ine ndinena zoona."

"Akufunseni chifukwa chiyani?"

"Ndinalemba dzina langa pansi pa thabwa. Munati palibe adzaione, ndiye ndinati mwina wina adzaiona."

Hutala inaliranso, ulendo uno motalika, ndipo mawu a Si Belkasem anadumpha mpanda, kufunsa ngati mlenje wamkulu akufuna kuti nguluwe zibwere kudzamutenga pakhomo.

Si Monji anakhala pansi pa mwala wa pa chitsime, mfuti ili pa miyendo. Inali yolemera kuposa kale. Anayang'ana mkuyu, anayang'ana mpesa wa mkazi wake wothothoka mbali imodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatitsire mwana wake anayang'ana windo lija la chipinda chogona. Analiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Akandiona ndilibe mfuti, ndatha," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Simungapite manja ali lende, zimenezo n'zoona."

Shedli anapita pa ngodya pamene anasiya zida zake. Anatenga chitini cha penti wobiriwira chimene chinathera pa mfuti ija, nachigogoda ndi chala pafupi ndi khutu, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anachimangirira chingwe, nachikoleka m'khosi mwa mlamu wake pamwamba pa kajekete ka olenji, kenako anamuika m'manja mpini wa bulashi yakale.

"Muziyenda pambuyo panga, musamapitirire agalu, ndipo ndikati imbani muziimba," anatero Shedli akutsegula geti. "Musaope, alamu, ntchito iyi ikuyenerani. Chitini sichiphonya, ngakhale mutatsinzina maso onse awiri."